ZA GALIMOTO: Galimoto yotsitsa ifuna matayala a msinkhu wake

M'misewu ya mumzinda wa Tete, ku Moatize ndi ku Ulongwe mwachuluka galimoto zing'onozing'ono zochokera ku Japan zimene eni ake, makamaka anyamata, azitsitsa kuti mimba yake iyandikire pansi, n'kuziveka malimu aakulu onyezimira. Kukongola kwake palibe wotsutsa. Koma zambiri mwa galimotozi si zachionetsero ayi. Ndi zomwezo zopitira kuntchito m'mawa, zoperekera ana kusukulu, ndiponso zonyamula abale pamodzi ndi matumba a mbatata ya kachewere pochokera kumudzi ku Domue kapena ku Tsangano. Galimoto yotere ikavala matayala osayenera, mwini wake amangokhalira kugula ena, ndipo tsiku lina tayala lingathe kuphulika banja lonse lili m'kati pa msewu wa N7. Nkhani ya sabata ino ikulongosola m'mene munthu angasankhire limu, lija amakanika kuno amati jante, ndi tayala loyenera.

Manambala a pa tayala

Tayala lililonse lili ndi manambala m'mbali mwake. Chitsanzo ndi 185/65 R15, amene amapezeka pa Toyota IST yoyamba ija ndi zina za msinkhu umenewo. Nambala 185 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Nambala 65 ikutanthauza kuti khoma la tayala, kuchokera pa limu kufika pamene lipondera pansi, ndi magawo 65 mwa 100 a kutambalala kuja, ndiye kuti mamilimita 120. R15 ndi limu la mainchi 15, amene ndi mamilimita 381. Kuphatikiza limu ndi makoma awiri, la pamwamba ndi la pansi, gudumu lonse limatalika pafupifupi mamilimita 621.

Nambala imeneyi ndiyo yofunika kuisunga. Lamulo limene odziwa za matayala amatsata ndi lakuti kutalika kwa gudumu lonse kusasinthe kupyola magawo 3 mwa 100. Choncho limu likakula, khoma la tayala liyenera kufupika molingana. Tayala la 195/55 R16 lili ndi khoma la mamilimita 107, ndipo gudumu lonse limabwerera pa 621 pomwe paja. La 205/45 R17 lili ndi khoma la 92 ndipo gudumu limafika 616, zomwe zikadali m'malire. Koma la 205/40 R17, limene anyamata ambiri amalikonda, khoma lake ndi 82 basi, ndipo gudumu limatsika kufika 596. Apa malire apyoledwa.

Gudumu likachepa chotero, wotchi ya liwiro imanama. Ikaonetsa 100, galimoto imakhala ikuthamanga pa 96, ndipo makilomita amachuluka pa wotchi kuposa ulendo weniweni. Komanso galimoto yotsitsa kale ija imatsikanso ndi mamilimita ena 13, mwini wake osadziwa. Gudumu likakula kupyola muyeso, wotchi imaonetsa liwiro lochepa, woyendetsa n'kudabwa apolisi atamuimika, ndipo tayala limayamba kukhula madigadi.

Khoma la tayala ndi maenje

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Khoma la tayala ndilo limayamba kumeza nkhonya ya dzenje sipuling'i isanamve kanthu. Khoma la mamilimita 120 limapindika n'kubwerera. La 82 likamenya mlomo wa dzenje limapanikizika pakati pa limu ndi phula, ulusi wa m'kati umaduka, ndipo m'mbali mwa tayala mumatuluka chotupa. Tayala la chotupa silimatika, ndi lotaya. Limu nalo limapindika kapena kung'aluka, makamaka malimu a aluminiyamu otsika mtengo.

Pa galimoto yaing'ono yoyenda tsiku ndi tsiku m'chigawo chino, limu la mainchi 15 kapena 16 ndilo lanzeru. Wofuna 17 asatsike pansi pa nambala 45, ndipo adziwiretu kuti msewu wafumbi wa kumudzi suli wake. Aganizirenso za kumene akapeze tayala lina likaphulika. Matayala a 14 ndi 15 amapezeka pafupifupi pa malo alionse omatira matayala, pamene la 17 lakhoma lalifupi lingamugoneke munthu pa Mussacama podikira kuti libwere kuchokera ku Tete.

Mabowo a limu

Si limu lililonse lokongola limene lingakhale pa galimoto iliyonse. Choyamba ndi mabowo a mabawuti. Vitz, IST yoyamba ija ndi Honda Fit zili ndi 4x100, kutanthauza mabowo 4 pa mzere wozungulira wa mamilimita 100. Premio ndi Allion zili ndi 5x100, pamene Mark X ili ndi 5x114.3. Malimu a Mercedes-Benz ndi Audi ambiri ndi 5x112, ndipo poyang'ana ndi maso amaoneka ngati angalowe pa Mark X. Makanika wosasamala amawakakamiza, mabawuti n'kukhala opindika, mpaka tsiku lina kuduka galimoto ili pa liwiro.

Chachiwiri ndi bowo la pakati. Toyota zing'onozing'ono zili ndi mamilimita 54.1, Honda Fit 56.1, Volkswagen 57.1. Limu la bowo laling'ono silingalowe konse. La bowo lalikulu limalowa, koma pamafunika mphete yodzaza mpatawo, apo ayi chiwongolero chimanjenjemera pa liwiro lalikulu.

Chachitatu, chimene ambiri sachidziwa, ndi nambala ya ET yodindidwa kuseri kwa limu, monga 16x6.5J ET45. Nambala 6.5 ndi kutambalala kwa limu m'mainchi, ndipo ET imasonyeza m'mene gudumu lilowera m'kati kapena kutulukira kunja. ET ikachepa, gudumu limatulukira kunja. Munthu akachotsa limu la 5.5J ET45 n'kuika la 7J ET35, mlomo wa kunja wa limu umasuntha ndi mamilimita 29. Pa galimoto yosatsitsa mwina mpata ungakhalepo, koma pa yotsitsa madigadi amacheka tayala ngati mpeni nthawi iliyonse galimoto ikakwera bampu itanyamula anthu kumbuyo. N'chifukwa chake ET ya limu latsopano iyenera kukhala pafupi ndi ya limu limene galimoto inabwera nalo.

Ena pothawa vuto limeneli amakoka tayala lopapatiza pa limu lotambalala kwambiri. Tayala la 195/55 linapangidwira limu la mainchi 5.5 kufika 7. Kuliika pa limu la 9 n'kuika moyo pachiswe, chifukwa mlomo wa limu umakhala pamtunda ndipo tayala lingathe kuvuka pokhota.

Katundu amene tayala lingasenze

Pambuyo pa manambala aja pamakhalanso ena, monga 88S kapena 84V. Nambala 88 ikutanthauza kuti tayala limodzi lingasenze makilo 560, nambala 84 ndi makilo 500, ndipo 80 ndi makilo 450. Chilembocho ndi liwiro lomalizira: S ndi makilomita 180 pa ola, H ndi 210, V ndi 240. Matayala ena a 205/40 R17 ali ndi 80 basi. Wochotsa a 88 n'kuika amenewa wachepetsa mphamvu ndi makilo 440 pa matayala anayi, pafupifupi matumba 9 a makilo 50. Tayala lolemedwa limatentha, ndipo ku Tete kutentha kumapyola madigiri 40 m'miyezi ya Okotobala ndi Novembala. Nambala imeneyi isatsike pansi pa imene wopanga galimoto analemba. Pamene tayala lili ndi zilembo XL ndiye kuti ndi lolimbitsidwa ndipo lingasenze zambiri likapopedwa mokwanira.

Katsitsidwe kake

Matayala abwino sangapulumutse galimoto yotsitsidwa mwaumbuli. Kudula masipuling'i ndi makina kapena kuwaotcha ndi moto wowotcherera zitsulo kumawaononga. Sipuling'i yodula ingathe kuchoka pamalo pake gudumu likalendewera, ndipo yootcha imafooka n'kuthyoka. Zida zoletsa galimoto kudumphadumpha, zija amati amortecedor, nazo zimatha msanga. Masipuling'i opangidwira kutsitsa alipo, ndipo kutsitsa kwa mamilimita 30 n'kokwanira pa galimoto ya tsiku ndi tsiku. Kupyola apo, ekizozi ndi sampu ya oilo zimayamba kumenya mabampu, ndipo sampu ikabooka injini imauma.

Galimoto ikatsitsidwa, magudumu amapendekera m'kati ndipo matayala amadyeka mbali ya m'kati imene maso saona. Choncho mwini wake ayenera kupita nayo kukawongoletsa magudumu pa makina atangoitsitsa, ndiponso azilowetsa dzanja kuseri kwa tayala sabata iliyonse kuti amve ngati layamba kudyeka.

Asanapereke ndalama

Wogula apemphe kuti limu limodzi ndi tayala lake aziyese kaye kutsogolo ndi kumbuyo. Akhotetse chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, akweze anthu atatu kumbuyo, n'kudutsa pa bampu pang'onopang'ono. Akamva kukhula, msinkhu umenewo si wake, ngakhale wogulitsa alumbire chotani.

Wogula matayala ogwiritsidwapo kale ntchito ayang'ane manambala 4 omalizira pambuyo pa zilembo DOT. Nambala 2319 ikutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limauma n'kuchita ming'alu ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya, ndipo mizere ikafika pa timilatho ta mamilimita 1.6 tili m'ngalande zake, ntchito yake yatha. Mpweya uyesedwe m'mawa matayala asanatenthe, popeza tayala lakhoma lalifupi silionetsa msanga kuti laphwa.

Pomaliza, malimu amene galimoto inabwera nawo asagulitsidwe. Mvula ikayamba mu Disembala ndipo maenje abisala m'madzi, wanzeru amabwezera a 15 aja, n'kusunga onyezimirawo kufikira misewu itauma.