Kafukufuku wa pa UNZA ndi wosiyanasiyana, koma ndalama zake zidalira akunja

LUSAKA. Mu caka ca 2015, akatswiri a pa University of Zambia, imene ambiri amaicha UNZA, pamodzi ndi anzao a ku Hokkaido University m'dziko la Japan, anafalitsa zimene anapeza atapima magazi a ana 246 a m'makomboni a Chowa, Kasanda ndi Makululu mu mzinda wa Kabwe. Ana onsewo anapezeka ndi mtovu wopitirira muyeso umene a zaumoyo amayamba kuda nao nkhawa. Mtovuwo unatsalira m'dothi ndi m'fumbi pambuyo pa kutsekedwa kwa mgodi wa kumeneko mu 1994.

Amene anatsogolera nchitoyi, a Dr John Yabe, anali a ku sukulu la madokotala a ziweto. Iwo ndi anzao anayamba apeza mtovu m'ng'ombe ndi m'nkhuku za ku Kabwe, ndipo pambuyo pake anafuna kudziwa za ana amene amasewera pa dothi lomwelo. Mu 2016 panayambika nchito yaikulu yochedwa KAMPAI, imene inasonkhanitsa akatswiri a ziweto, a migodi, a ulimi, a zaumoyo ndi a zacuma. Ena anapima dothi, ena anafufuza njira zocepetsera fumbi, pamene ena anayendera mabanja kuti aone m'mene vutoli likhudzira umoyo ndi mapezedwe ao.

Nkhani ya ku Kabwe ionetsa phindu la kukhala ndi nthambi zambiri za maphunziro pa malo amodzi. Pamene UNZA inatsegulidwa mu March 1966, inali ndi ophunzira 312 ndi masukulu atatu: la zamaphunziro, la sayansi, ndi la cikhalidwe ca anthu. Pambuyo pake panabwera masukulu a zamalamulo, a uinjiniya, a udokotala, a ulimi ndi a migodi, ndipo la madokotala a ziweto linayamba mu 1983. Tsopano masukuluwa ndi oposa khumi.

Ku sukulu la ulimi, gulu la a Dr Kalaluka Munyinda linagwirizana ndi bungwe la International Atomic Energy Agency potulutsa mitundu iwiri ya nyemba, zimene ena amati khobwe, yopirira cilala ndiponso yoca msanga. Mitunduyi inapatsidwa maina a Lunkhwakwa ndi Lukusuzi, amene ndi maina a mitsinje ya ku cigawo ca kum'mawa. Kufunika kwa mbeu zotere kunaonekera pa 29 February 2024, pamene mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Mbeu za pa mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi zinali zitaonongeka.

Labotale ya ku sukulu la ziweto, imene inakhala ifufuza tizilombo ta m'mileme ndi m'nyama zina, inathandizanso anthu mu 2020 popima matenda a COVID-19 atangolowa m'dziko.

Palinso kafukufuku amene safuna makina odula. A Profesa Robert Serpell a ku nthambi yoona za maganizo a anthu, amene anadzakhala mkulu wa yunivesiteyi kucokera mu 2003 mpaka 2006, anafunsa akuluakulu a m'midzi ya ku Katete tanthauzo la nzeru. Anapeza kuti kwa Acewa, mwana wanzeru ndi amene ali wocenjera komanso wotumika ndi wodalirika pakati pa anthu. Mu kafukufuku wina wa mu 1979, ana a mu Lusaka anaposa ana a ku England popanga zinthu ndi waya, ana a ku England anapambana pojambula ndi pensulo, koma poumba ndi dongo magulu onse awiri anafanana. Maganizo otere ndiwo anabala mayeso ochedwa Panga Munthu, m'mene mwana amaumba munthu ndi dongo. Phunziro lake kwa aphunzitsi ndi lakuti mayeso olembedwera ana a dziko lina angaweruze molakwa mwana wa kuno.

Pa za zinenero, a Profesa Mubanga Kashoki anali mmodzi mwa akonzi a buku la Language in Zambia la mu 1978. Mu 2023, a Claytone Sikasote a ku nthambi ya makompyuta ndi anzao anatulutsa nkhokwe ya mau yochedwa Zambezi Voice, yokhala ndi Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cilozi, kuti makompyuta aphunzire kumva zinenerozi. Ena mwa mauwo anatengedwa ku mapulogalamu a pa wailesi.

Komabe pali cinthu cimodzi cimene cionekera mobwerezabwereza. Nyumba za sukulu la ziweto zinamangidwa ndi thandizo la boma la Japan. Nchito ya KAMPAI inalipiridwa ndi mabungwe a ku Japan komweko, ndipo nyemba zija zinadalira bungwe la ku Vienna. Thandizoli labweretsa zabwino zooneka, koma mwini ndalama amakhalanso ndi mau pa funso limene lidzafufuzidwa ndi nthawi imene nchito idzathera. Nthambi imene mafunso ake sakopa akunja ingakhale zaka zambiri yopanda ndalama zopitira ku midzi, ngakhale mafunsowo akhale ofunika kwa anthu a mu Zambia.

Mu 2007, atsogoleri a maiko a m'bungwe la African Union anagwirizana kuti dziko lililonse liziika 1 peresenti ya cuma cake pa kafukufuku. Ciwerengero ca Zambia ca mu 2008 cinali 0.28 peresenti cabe.

Vuto lina ndi la kufikitsa zotsatira kwa eni ake. Zambiri zimalembedwa m'Cingelezi, m'magazini a akatswiri amene mlimi wa ku Lundazi kapena mai wa ku Makululu sawaona. Mbeu yatsopano ithandiza pokhapokha itaculukitsidwa ndi kugulitsidwa pa mtengo umene mlimi angathe. Ciwerengero ca mtovu m'magazi cithandiza pokhapokha kholo litauzidwa m'cinenero cake za kuopsa kwa fumbi, ndiponso mwana atalandira mankhwala.

Conco pamene aphungu a Nyumba ya Malamulo akambirana za ndalama za mayunivesite, ayenera kufunsa za zoculuka kuposa malipiro ndi malo ogona ophunzira. Ayenera kufunsanso kuti ndi ndalama zingati za boma zimene zapatulidwira kafukufuku, ndi nthambi ziti zimene zidzalandirako, ndiponso ndani adzauza anthu zimene zapezeka.