Mphunzitsi Wamkulu Ndiye Mlonda wa Khomo la Sukulu

Gawo Lachitatu

M'gawo lapitalo tidakamba za kuchepa kwa zipinda zophunziriramo m'Chigwa cha Phalombe. Lero tiyeni tione za munthu amene amasunga makiyi a zipindazo.

Pamene boma lidathetsa fizi ya ku pulayimale m'chaka cha 1994, lidanenanso kuti yunifolomu isakhale yokakamiza. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1993, lamulo lidaloleza mtsikana amene wabereka kubwerera m'kalasi. Malamulo awa ndi abwino, koma amene amawapatsa moyo kapena kuwapha ndiye mphunzitsi wamkulu. Iye ndiye amagamula ngati mwana wa diresi long'ambika alowe kapena abwezedwe, ngati mtsikana wosiya khanda kwa agogo ake alandiridwe kapena asekedwe, ndiponso ngati mwana wachialubino, amene maso ake saona patali, apatsidwe malo kutsogolo pafupi ndi bolodi.

Nanga munthu wosenza mtolo woterewu timamkonzekeretsa bwanji? Kawirikawiri timangoona zaka zimene wagwira choko, kenaka timpatsa ofesi ndi kaundula. Kuphunzitsa bwino masamu ndi luso lina, kuweruza mwachilungamo pakati pa mwana wa mwini golosale ndi mwana wamasiye ndi linanso.

Kuno kwathu nkhaniyi ndi yolemera koposa. Napolo adatsika m'phiri la Michesi mu Marichi 1991, ndipo namondwe wa Freddy adasakaza Nkhulambe ndi madera ena mu Marichi 2023, sukulu zambiri n'kusanduka misasa ya othawa madzi. Sukulu zikatsekulidwanso pambuyo pa tsoka lotere, amene amayamba kusowa m'kalasi ndi ana a osauka: mnyamata wapita kukapha nsomba ku Chilwa, mtsikana wakwatiwa asanakwane zaka 18 zimene lamulo limafuna. Mphunzitsi wamkulu wosakonzekera amangofufuta dzina m'kaundula. Wokonzekera amatenga njinga, naitana amfumu ndi amayi a m'komiti, kukamfuna mwanayo.

Tikupempha Unduna wa Zamaphunziro kuti pasapezeke wolandira udindowu asanachite maphunziro a utsogoleri. Koleji yophunzitsa aphunzitsi ili pompano pa Phalombe, ndipo ya Montfort, yodziwa za ana olumala, ili ku Nguludi, kufupi ndithu. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe; koma mtima wotere umafunika kuuphunzitsa, monga timaphunzitsira kulemba lipoti.

M'gawo likudzalo tidzaona udindo wa makolo ndi mafumu.