Tinyumba tokongola ta Helen Allingham

Amene anaonapo makalendala akale a ku England akukumbukira tinyumba tofolera ndi udzu, maluwa atayanga pakhoma, mayi ataima pachipata mwana ali m'manja. Mmodzi mwa akatswiri a zithunzi zoterezi anali Helen Allingham (1848-1926), yemwe ankajambula ndi utoto wosungunula m'madzi. Mu 1881 anasamukira ku Sandhills, m'chigawo cha Surrey, ndipo mu 1890 anakhala mayi woyamba kulandiridwa ngati membala wathunthu wa Royal Watercolour Society.

Chinkamupweteka mtima n'chakuti nyumba zakalezo zinkagwetsedwa kapena kukonzedwa mwamakono, makamaka njanji itayamba kubweretsa anthu olemera a ku London. Ankathamangira kuzijambula zisanatheretu, mwina n'kubwezeretsa papepala mawindo akale amene anali atazulidwa kale. Pamenepa ayenera kuyamikiridwa: anasunga luso la amisiri akumudzi.

Komatu burashi yake inali yaulemu mopitirira. M'zaka zomwezo tirigu wotchipa wa ku America anagwetsa mitengo, antchito a m'mafamu ambiri n'kuthawira m'matauni. Kaŵirikaŵiri nyumbazo zinali za eni minda, moti wochotsedwa ntchito ankachotsedwanso m'nyumba. M'kati munali chinyontho, banja lalikulu litapanikizana m'zipinda ziŵiri. Umphaŵi womwewo ndi umene unachititsa Joseph Arch kuyambitsa bungwe la antchito a m'mafamu mu 1872.

Allingham ankaima pabwalo, ndipo zam'katizi sizioneka m'zithunzi zake za tinyumbato. Buku lake la mu 1903 linatchedwa Happy England, dziko lachimwemwe. Ogula zithunzizo sanali anthu ogona m'chinyonthomo.