Za Pakhomo: Ndowa ya Tsiku la Tsoka

Napolo wa m'phiri la Michesi mu 1991 ndi namondwe wa Freddy mu 2023 anasakaza chigwa cha Phalombe. Madzi otere akaphwa, amasiya mabala ndi zitsime zoipa. Ifenso akunyanja tikonzekeretu.

Tisunge pamalo okwera ndowa yachivindikiro. Tiikemo sopo, klorini wothira m'madzi akumwa, Thanzi ORS, mabandeji, nsalu zochapa ndi kusita, ndi machesi okulunga m'pulasitiki.

Tikasamba m'manja ndi sopo, titsuke bala ndi madzi owiritsa atazizira, kenaka tilimange. Tisathirepo dothi kapena phulusa. Bala lakuya tithamange nalo kuchipatala, kuopa kafumbata.

Ukhondo umene timaphunzitsa ana kumadrasa utitetezenso pa tsikulo. Tikonze ndowayi mvula isanagwe.