Odi wa Ana pa 31 Okutobala

Aneba anga, mkulu wa mpingo wolemekezeka ndithu, anandiimitsa pageti madzulo ena mu Okutobala 2024 nkhope ili ngati ya pamaliro. Anali atamva kuti ana anga akukonza zovala za Halloween. "Achimwene," anatero, "inu munthu wophunzira, wogwira ntchito m'boma, mukupereka ana anu kwa Satana ndi manja anu omwe?" Sindinawayankhe bwino tsikulo, poti pageti si pokambira mlandu. Ndiwayankha pano, pamodzi ndi onse oganiza ngati iwo, ndipo mu Lilongwe muno alipo ambiri.

Ndiyambe ndi kuulula kuti Halloween ndinachitapo ine, kawiri. M'chaka cha 1988, ndili ndi zaka 8, bambo anga anatumizidwa kukaphunzira ku University of Glasgow, ku Scotland, ndipo anatitenga tonse. Tinkakhala ku Partick, m'nyumba zamiyala zosanjikizana, mabanja asanu ndi atatu kukwera masitepe amodzi. M'kalasi mwathu mwana wakuda ndinali ine ndekha. Palibe amene ankandimenya, koma maso ankanditsata paliponse, m'basi, m'sitolo, ngakhale kutchalitchi.

Ana a ku Scotland mwambowu ankautcha guising, kutanthauza kudzibisa nkhope. Zovala zogula kunalibe. Mayi anaboola thumba lakuda lotayiramo zinyalala, nandiveka ngati malaya, nandikulunga chitenje chawo kumutu, kenaka nandipaka ufa kumaso mpaka ndinayera mbee. Mnzanga wa pansi pathu anapakidwa mwaye. Nyali tinapanga ndi chitsinde cha tanaposi wa kumeneko, chachikulu ngati mutu wa khanda, cholimba moti bambo anapinda supuni pochikumba. Tinaboola maso ndi mano, n'kuikamo kandulo. Fungo la tanaposi wopserera ndikulimvabe mpaka lero. Nyengo imeneyo kumeneko kumada 5 koloko isanakwane, ndipo kumazizira mpaka zala kufa dzanzi.

Lamulo linali limodzi: wosaimba sadya. Ukagogoda, mwininyumba amakulowetsa pabalaza, n'kuzimitsa wailesi ya kanema, banja lonse n'kukhala chete kudikira kuti uimbe nyimbo, unene ndakatulo kapena nthabwala. Ukatero m'pamene amakupatsa apozi, maswiti, kakhobidi ka 10p, ndiponso chimene chinaseketsa bambo anga mpaka misozi: mtedza wosasenda, wowerenga ngati mankhwala. Ankati mwina ndi Chalimbana wa ku Mchinji amene watitsatira. Ine ndinalibe nyimbo ya Chingerezi imene ndinkaidziwa mpaka kumapeto, tsono ndinaimba ya m'nthano ya Kalulu imene agogo ankatiimbira pamoto. Gogo wina wa pamwamba penipeni, amene miyezi iwiri yonse ankangondiyang'ana pamasitepe osanena kanthu, anandiimbitsa kawiri, n'kufunsa tanthauzo lake. Kuyambira usiku umenewo ankandipatsa moni ndi dzina langa.

Ameneyo ndiye Satana amene ndinakumana naye ku Glasgow, aneba.

Sindikubisa kuti mwambowu uli ndi mizu yakale. Anthu a ku Ireland ndi Scotland anali ndi chikondwerero cha Samhain pakutha kwa zokolola, ndipo ankakhulupirira kuti pa nthawiyo akufa amayandikira amoyo. Koma dzina loti Halloween ndi lachikhristu: limatanthauza madzulo a tsiku lotsogolera chikondwerero cha Oyera Mtima Onse, chimene chimachitika pa 1 Novembala. Pa 31 Okutobala pomwepo, m'chaka cha 1517, m'pamene Martin Luther anatulutsa mfundo zake 95 zija. Kodi tsikulo linali la Satana chaka chimenecho? Ndipo amishoni amene anafika ku Blantyre mu 1876, n'kutcha malowo dzina la mudzi wa kufupi ndi Glasgow kumene David Livingstone anabadwira, anachokera m'dziko lomwelo la nyali za tanaposi. Ife amene timamanga ziliza, kusesa kumanda ndi kutcha ana mayina a agogo omwalira, tingadabwe nazo kuti mtundu wina nawo uli ndi tsiku lokumbuka kuti imfa ilipo?

Chimene chimandiwawa n'chakuti mawu oti "chisatana" tawasandutsa chikwanje chodulira chilichonse chimene sitikuchimvetsa. Wamalonda akalemera, chisatana. Mwana akakhoza kwambiri mayeso, chisatana. Mawu amenewa si oseweretsa m'dziko muno, pakuti aphetsa anthu. Kuyambira mu Seputembala 2017, mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu angapo anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena akumwera. Agogo okalamba akuthamangitsidwabe m'midzi powanamizira ufiti. Munthu amene amayima kutsogolo kwa mpingo ayenera kuganiza kawiri asanaloze ana a zaka 9 ndi 6 n'kutchula dzina la Satana.

Pa chifukwa chomwecho ndinamukaniza mwana wanga wamwamuna pamene anati akufuna kuvala mano aatali ndi magazi ngati Dracula. Ku Partick imeneyo ndi nthabwala. Kuno ilipo midzi imene ikulirabe. Anavala ngati wapolisi wapamsewu, ndi chipewa cha katoni, ndipo mlongo wake anavala ngati namwino.

Koma musaganize kuti ndikuikira kumbuyo Halloween imene yafika m'tauni muno. Kusukulu kwa ana anga, imene sinditchula dzina, anatumiza kalata yoti makolo agule zovala ndi maswiti. Tsikulo magalimoto anandanda pabwalo, mabuti otsegula, ana n'kumayenda kuchoka pagalimoto ina kupita pa ina atanyamula timaungu tapulasitiki, pakati pa Okutobala wotentha pamene dzungu lenileni silipezeka m'munda mwa aliyense. Ankangofuula mawu a ku America oti "trick or treat", kutanthauza kuti tipatseni, apo ayi tikuchitani chipongwe. Nyimbo panalibe, ndakatulo panalibe. Mwana wovala zodula kwambiri ndiye analandira mphotho. Mlonda anatseka geti kuti ana a kuseri kwa mpanda, amene ankasuzumira pamawaya, asalowe. Ndinabwerako ndi mutu wopweteka. Tinatenga makoko n'kusiya mtedza ku Glasgow.

Ngati aneba anga akufuna tchimo, alifunefune pamenepo, ndipo ayambire pa mpanda wawo ndi wanga. Titabwerera kumudzi mu 1990, ndinapeza kuti ana a kuno nawo anali ndi tsiku lawo loyenda khomo ndi khomo. Pa Khirisimasi tinkavala malaya atsopano, kapena akale ochapa bwino, n'kumazungulira m'malayini tikupempha "Khirisimasi bokosi". Apa mpunga, apo sikono, uko Fanta mmodzi kumwa anthu anayi. Palibe khomo limene linkatibweza. Lero mumsewu wathu nyumba iliyonse ili ndi mpanda wa njerwa, pamwamba mabotolo oswa kapena waya wamagetsi, pageti chithunzi cha galu. Ndakhala mumsewu umenewu zaka 7 ndipo mabanja ena ndimawadziwa ndi nambala ya galimoto basi. Akuba alipo, sindikutsutsa, nane ndinabedwapo. Koma ana anga akula osanenapo "odi" pakhomo la munthu amene si wachibale, ndipo zimenezi palibe amene analalikirapo.

Tsono Lachinayi lomwelo la pa 31, titaweruka kusukulu kuja, ndinawauza kuti asavule. Ndinawaphunzitsa nyimbo ya Kalulu ija, ndinawauza lamulo la ku Partick, ndipo dzuwa lisanalowe tinayamba kugogoda, ine ndikuima kumbuyo. Tinagogoda mageti asanu ndi limodzi. Pawiri anayankha agalu okha. Pena mlonda anatiuza kudzera pakabowo kuti abwana kulibe, galimoto ya abwanawo tikuiona. Mayi wina wa ku Mzimba anatilowetsa, anamvetsera nyimbo yonse, anaimbanso yake m'Chitumbuka, n'kupereka mango awiri osapsa bwino. Mnyamata wina wobwereka nyumba anasowa chopereka, n'kutulutsa K500.

Geti lomaliza linali la aneba anga aja. Ndinafuna kulidumpha, koma wapolisi wa katoni anali atagogoda kale. Anatsegula ndi mayi a kunyumbako. Anayang'ana anawo, anandiyang'ana ine, kenaka anacheukira pakhonde pamene amuna awo anakhala ndi Baibulo pamiyendo. Ana anaimba. Mkuluyo sanadzutse mutu mpaka nyimbo inatha, koma sanawathamangitse. Mayiwo analowa m'nyumba n'kubwera ndi mbale ya mtedza wokazinga, n'kuuthira m'chipewa cha wapolisi uja.

M'mawa mwake tinakumana pageti, aneba ndi ine, aliyense akupita kuntchito. Anati maganizo awo sanasinthe, ndipo akundipempherera. Ndinati nane anga sanasinthe. Kenaka anafunsa dzina la mwana wamkaziyo, poti ali ndi mawu abwino ndipo kwaya ya ana ikusowa anthu.