Dzimbiri Kunsi kwa Galimoto

Mwezi wathawu mnyamata wina wa mumpingo mwathu kuno ku Magaleta anafika ndi galimoto yogwirapo kale ntchito, yochokera ku Japan. Tonse tinaizungulira ndi kuyamikira utoto wake wonyezimira. Panalibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale ife akulu ampingo, amene anagwada kusuzumira kunsi kwake.

Makaniko ndiye anagwada. Atagogoda ndi kanyundo, chitsulo chinayoyoka ngati makungwa a mtengo wouma. Kuzigawo zozizira za Japan, monga Hokkaido, amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcherewo umadya chitsulo mwakachetechete. Matope a m'misewu yathu ya ku Neno amangotsiriza ntchitoyo, pakuti amakakamira kunsi ndi kusunga chinyezi ngakhale mvula italeka kale.

Tsono inu ogula, musapake utoto pamwamba pa dzimbiri, chifukwa limapitirira kudya mkati. Yambani mwatsuka matope onse. Galimoto ikauma, palani ndi bulashi ya waya kufikira chitsulo chiwale, kenaka pakani red oxide, ndipo potsiriza utoto wakuda wa phula. Pamene pabooka awotchererepo chitsulo chatsopano. Oyilo wakutha amene ena amawaza kunsiko amafewetsa mphira.

Koma chimene chinatiopsa ndi mapaipi a mabuleki, amene anali atadyeka kwambiri. Galimoto imeneyi ndiyo tidzaitane usiku mayi wapakati akadwala, ndi kutsika nayo zitunda kunka kuchipatala. Mnyamatayo wasintha mapaipi onse. Wailesi imene anafuna kuikamo iyambe yadikira.