Makoma a Great Zimbabwe ali ndi eni ake

Mukafunsa mwana wasukulu za mizinda yamakedzana, amathamangira ku Egypt ndi ku Rome, chikhalirecho kwa anansi athu, pafupi ndi Masvingo, kuli Great Zimbabwe, mzinda womwe makolo a Ashona adamanga m'zaka za pakati pa 1100 ndi 1450. Taonani khoma lalikulu la mzindawu: miyala yosemedwa bwino, yosanjikizidwa popanda dothi kapena simenti, malo ena kutalika mamita 11, ndipo mpaka lero lili chiimire! Golide wa m'derali ankatsikira ku Sofala ndi ku Kilwa, amalonda n'kubwerako ndi mikanda ndiponso mbale za ku China, zomwe zidutswa zake zidafukulidwa pamalopo. Chimene chimandiwawa n'chakuti mzungu wina, Karl Mauch, atafikako mu 1871, sadakhulupirire kuti munthu wakuda angamange zotere, n'kumati ndi nyumba ya mfumukazi ya ku Sheba. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 adakumba pansi n'kutsimikiza kuti omangawo adali Aafirika, koma boma la Rhodesia lidakakamirabe bodzalo kuti lipondereze eni nthaka. Aphunzitsi athu, chonde, auzeni ana za mzindawu, ndipo muziwatchula omwe adaumanga.